Si mzinda, si mudzi: Liwonde ndi Balaka pambuyo pa mliri

Munthu wotsika minibasi pa Liwonde lero sangadziwe kuti pano panadutsa mliri wa Covid-19. Oyitanira amalimbirana chikwama chako usanaponde n'komwe pansi, akabaza a njinga zamoto andanda m'mbali mwa msewu, utsi wa pachiwaya ukulowa m'maso, amayi a nsomba akuthamangira galimoto iliyonse yoima pafupi ndi mlatho wa Kamuzu Barrage mabeseni ali pamutu. Pa Balaka ndi chimodzimodzi, msika uli thithithi, pa depoti pali yakaliyakali. Ukaweruza ndi maso okha ukhoza kulumbira kuti matauni awiriwa anachira kalekale.

Mlamu wanga wina amagulitsa kaunjika pa Balaka. Chaka cha 2020 chisanafike ankakwera basi kupita ku Limbe kukaoda belo lathunthu, n'kudzalidula yekha mawaya m'mawa wa tsiku la msika, anthu atamuzungulira kulimbirana zovala zapamwamba. Lero belo sagula. Amadikira mnzake wa ndalama atsegule lake, iye n'kutolamo malaya khumi kapena khumi ndi asanu, n'kukawayala pa thumba pansi. Malo ake ndi omwe aja, tikiti ya msika amadula tsiku ndi tsiku monga kale, ndipo wowerenga anthu a mumsika angamulembe m'gulu la opulumuka. Chinafa ndi mpamba. Unadyedwa pang'onopang'ono m'miyezi ija sukulu zinali zotseka, ana onse ali pakhomo, ogula atasowa, bambo wa m'nyumba ali ku Joni wopanda ganyu.

Nkhani ya momwe boma lingadzutsire matauni ofooka mliri ukapita iyenera kuyambira pa thumba limenelo. Boma linachitapo chiyani pa nthawi ya Covid-19 ndi pambuyo pake? Thandizolo linagwera m'manja mwa yani? Nanga bwanji malo ngati Liwonde, Balaka, Ntaja, Ulongwe ndi Nsanama anangomva fungo lake?

Tikumbutsane kaye kuti kuno kwathu misika sinatsekedwe. Pa 20 Malichi 2020 pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti dziko lili pangozi, ndipo pa 23 sukulu zinatsekedwa. Odwala atatu oyamba anapezeka pa 2 Epulo. Boma litalengeza m'bindikiro wa masiku 21 woyambira pa 18 Epulo, mavenda a ku Limbe, ku Mzuzu ndi kwina anakhamukira m'misewu, ati bola matendawo kusiyana ndi njala. Pa 17 Epulo woweruza Kenyatta Nyirenda anapereka chiletso chimene bungwe la HRDC linapempha, ndipo mu Sepitembala khoti linagamula kuti boma silingatsekere anthu m'nyumba lisanakonze choti adye. Choncho zitseko za magolosale a pa Balaka zinali zotsegula nthawi yonseyo. Zimene zinatsekeka ndi njira zodzera ndalama.

Matauni awiriwa ndi a pamphambano. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 36,000 m'tauni iliyonse, pomwe boma lonse la Machinga linali ndi anthu oposa 735,000 ndipo la Balaka oposa 438,000. Anthu 36,000 paokha sangadyetse misika yaikulu chonchija. Amaidyetsa ndi odutsa. Pa Liwonde pamakumana misewu ya ku Zomba, ku Mangochi, ku Ntaja ndi ku Balaka, njanji yopita ku Nayuchi mpaka ku Nacala n'kuwolokanso Shire pomwepo. Balaka inakulira pa siteshoni ya sitima ndi pa thonje, ndipo inakhala boma palokha mu 1998 itapatuka ku Machinga. Dzina lakale la Machinga ndi Kasupe, ndipo ndalama za m'matauni amenewa zimatumphukadi pa akasupe anayi. Mliri unaphwetsa atatu nthawi imodzi.

Kasupe woyamba ndi apaulendo. Lamulo litabwera loti minibasi zichepetse okwera, eni ake anakweza mitengo, anthu n'kuchepetsa maulendo. Minibasi ikadutsa ndi anthu ochepa, wogulitsa mazira owiritsa, wa chimanga chootcha, wa madzi a m'majumbo ndi wa kanyenya onse amagona ndi katundu. Wachiwiri ndi alendo. Nkhalango ya Liwonde, imene bungwe la African Parks linayamba kuyendetsa mu 2015, inali itangoyamba kutchukanso: akakwiyo anabwezedwamo mu 2017, mikango mu 2018, zipembere 17 zochokera ku South Africa mu 2019. Ndege zitaimitsidwa pa 1 Epulo 2020, kufikira Sepitembala, mabwato oonetsera mvuu anangokhala omangirira, ndipo osema ziboliboli ndi mipando yachifumu m'mbali mwa msewu wa ku Zomba anatsala akupukuta fumbi. Palinso alendo ena amene sitiwatchula kawirikawiri: a misonkhano ya boma ndi mabungwe, omwe amadzaza maloji a pa Liwonde ndi kusiya ma alawansi awo kwa ogulitsa chambo ndi mpunga. Ngakhale zioneke zoseketsa, ndalama ya wekishopu ndi gawo lenileni la chuma cha tauniyi.

Kasupe wachitatu ndiye wamkulu, ngakhale salembedwa m'bajeti ya khonsolo iliyonse. Ku Machinga, ku Balaka ndi ku Mangochi n'kovuta kupeza mudzi wopanda mwana ku Joni. Nyumba zamalata za ku Ntaja, njinga zamoto za pa Ulongwe, simenti yotuluka m'mahadiweya a pa Liwonde, zambiri mwa izi ndi marandi odzera pa Mukuru ndi m'manja mwa madalaivala a mabasi. South Africa inatseka dziko kumapeto kwa Malichi 2020, ndipo kumeneko kunali kutseka kwenikweni, asilikali ali m'misewu. Wosamalira maluwa, wa m'nyumba, wa pa malo odyera, wosoka, onse anakhala pansi. Boma la kumeneko linayamba kupereka marandi 350 pamwezi kwa osowa ntchito, koma Mmalawi wopanda mapepala sakanayandikira n'komwe. Otumiza anasanduka opempha. Kuyambira mu Meyi mabasi anayamba kuwatula pa chipata cha Mwanza, ndipo ambiri tikukumbukira anthu oposa 400 aja anathawa pa Kamuzu Stadium asanamve zotsatira za kuyezedwa kwawo. Idi ya chaka chimenecho inagwa kumapeto kwa Meyi. Matelala a m'makhonde, omwe nyengo yotere amasoka mikanjo ndi madiresi mpaka usiku ndi ndalama zochokera ku Joni, anaiona ikudutsa makina ali zii.

Wachinayi, zokolola, sunaphwe koma unachepa. Thonje, nandolo, mpunga wa ku Chilwa ndi nsomba za ku Chiuta ndi Malombe zinalipo, koma ogula ochokera kutali anachepa, ndipo wogula akakhala mmodzi mtengo amatchula ndi iye.

Tsono boma linatani? Kunena kuti linangokhala manja lende kungakhale kunama. Mu Epulo 2020 mtengo wa mafuta unatsitsidwa. Pulezidenti ndi nduna anadula malipiro awo ndi 10 peresenti kwa miyezi itatu. Msonkho wa zokopa alendo unaimitsidwa. Bungwe la MRA linapereka miyezi isanu ndi umodzi yoti amene ali ndi ngongole za msonkho akonze zinthu popanda chilango. Banki yaikulu ya Reserve inagwirizana ndi mabanki kuti mabizinesi ang'onoang'ono apume miyezi itatu osabweza ngongole, ndipo makampani a foni anachotsa kaye ndalama yodula potumizirana pa Airtel Money ndi pa Mpamba. Thumba la ngongole la MEDF linakwezedwa kufika pa K15 biliyoni.

Werenganinso mndandandawu muli chilili pakati pa msika wa Balaka, muone kuti ndi ziti zikukhudza anthu okuzungulirani. Kupuma pa ngongole ya kubanki kumathandiza amene ali ndi ngongole ya kubanki. Mayi wa tomato ngongole yake ili ku banki m'khonde, kumene amene akumudikira ndi anzake ovutika ngati iye, kapena kwa wakatapila amene sadziwa mawu oti kupuma. Chikhululuko cha MRA chimafika kwa amene ali m'mabuku a MRA. Msonkho umene wavenda amaudziwa ndi tikiti ya tsiku ndi tsiku, ndipo imeneyo ili m'manja mwa khonsolo, imene nayo inali ikulira kuti ndalama zotolera zatsika. Pa zonsezi, chimene chinafikadi m'thumba la munthu wamba chinali cha pafoni chija, ndipo chinali cha kanthawi.

Thandizo lenileni la ndalama m'manja linalengezedwa kumapeto kwa Epulo 2020: K35,000 pamwezi, yofanana ndi malipiro otsikitsitsa a nthawiyo, kwa mabanja 172,000 odalira geni ndi maganyu. Chisankho cha pa 23 Juni chinadutsa, boma linasintha, ndipo ndalamazo zinayamba kulowa m'mafoni kumayambiriro kwa 2021, pansi pa pulezidenti Lazarus Chakwera, kwa mabanja pafupifupi 200,000 kwa miyezi itatu. Inali ndondomeko yabwino, ndipo amene analandira sangainyoze. Koma inali ya mizinda inayi yokha: Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba. Wakabaza wa ku Chinamwali ankatha kulembedwa. Mnzake wa pa Liwonde, wopalasa njinga yofanana pa msewu womwewo makilomita makumi asanu okha kumpoto, sankawerengedwa.

Atembenukire kumudzi? Kumeneko kuli Mtukula Pakhomo, umene unayambira ku Mchinji mu 2006 n'kufika msanga ku Machinga, ndipo ku Balaka wakhala ukuthandizidwa ndi dziko la Ireland. Koma umenewu ndi wa mabanja khumi pa zana lililonse, osaukitsitsa komanso opanda munthu wamphamvu zogwira ntchito: agogo olera ana amasiye, olumala, odwala matenda a mgonagona. Wogulitsa kaunjika ali ndi manja ndi miyendo, ndiye sakwanira. Kulinso zipangizo zaulimi zotsika mtengo, zimene mu bajeti ya 2020/21 zinapatsidwa pafupifupi K160 biliyoni kuti thumba la feteleza ligulidwe pa K4,495. Wokhala m'nyumba ya lendi pa Liwonde, wopanda munda, izi zinamulambalala. Boma lathu lili ndi kaundula wa mzinda ndi kaundula wa mudzi. Tauni ya pakati ilibe tsamba.

Zatsala ndi ngongole. MEDF, imene inabadwa mu 2014 pophatikiza MARDEF ndi thumba la achinyamata la YEDF, inasinthidwa dzina mu 2020 kukhala NEEF, ndi lonjezo la pa kampeni la K75 biliyoni. Banki ya Dziko Lonse nayo inavomereza madola 86 miliyoni a ndondomeko ya FInES, odzera ku Reserve kupita ku mabanki ndi mabungwe obwereketsa. Anthu ena a ku Machinga ndi ku Balaka anapeza ngongolezi, ndipo ena anaimadi nazo. Koma ngongole ya boma ili ndi matenda ake akale. Chiyambire MARDEF mu 2005, ambiri amaitenga ngati mphatso ya chipani cholamula, kubweza n'kumavuta, thumba n'kumaphwa, wobwera pambuyo n'kupeza mulibe kanthu. Ngongole ya kubanki imafuna chikole, satifiketi ya bizinesi ndi mbiri ya akaunti, zinthu zimene wa pa benchi alibe. Ndipo pali funso lina limene obwereketsa sakonda kulimva: munthu amene ogula ake alibe ndalama, ukamupatsa ngongole wamuthandiza kapena wamumangirira mwala m'khosi? Mpamba wobwereka ukalowa m'nyumba ya njala umagula ufa, ndipo tsiku lobweza likafika katundu wa m'nyumba ndi amene amatuluka.

Za K6.2 biliyoni za mliri zija sindichulutsa, poti Mmalawi aliyense anazimva. Mliri utabwereranso mwaukali mu Januwale 2021, n'kutenga nduna ziwiri, Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama, tsiku limodzi, boma linalamula kuti misika izitsekedwa 5 koloko madzulo, malo omwera 8 koloko, ndipo pasapezeke woyendayenda kuyambira 9 koloko usiku. Kwa tauni ya pamsewu, kumene malonda amakoma dzuwa likapepa ndi pamene mabasi ausiku aima, limeneli linali bala lachiwiri. Mkati mwa zomwezo anthu anafunsa kuti ndalama za mliri zapita kuti. Kafukufuku wa mu Epulo 2021 anapeza ma alawansi osayenera ndi kugula katundu mosatsata malamulo, nduna ina inachotsedwa, akuluakulu ambiri a m'maboma anaimitsidwa kaye. Ndalamazo sizinali za mavenda. Koma kuyambira pamenepo, aliyense wonena kuti thandizo lidzere ku khonsolo amayang'anidwa ndi diso lofiira.

Apa ndi pamene pagona nkhani, pa khonsolo pomwepo. Liwonde ndi Balaka anali ndi makhonsolo awoawo a tauni. Lamulo la maboma ang'onoang'ono litasinthidwa mu 2010, makhonsolo amenewo anathetsedwa, matauniwo n'kulowa pansi pa makhonsolo a maboma, pomwe Mangochi, Kasungu ndi Luchenza anasunga awo. Zifukwa zinalipo: makhonsolo ang'onoang'ono ankadya zambiri pa malipiro kuposa zimene ankatolera. Koma zotsatira zake n'zoti msika wa Liwonde unasanduka ng'ombe yamkaka ya boma lonse la Machinga. Tikiti imene mayi wa usipa wadula imakalowa m'thumba limodzi loyang'ana kuyambira ku Chikweo mpaka ku Nayuchi, ndipo makhansala ochokera kumidzi, omwe ndi ochuluka, ali ndi mijigo ndi milatho yawo yoti alirire. Sindikuwadzudzula, chifukwa anawasankha ndi anthu akumeneko. Ndikungoti tsiku logawa ndalama, tauni imakhala ndi pakamwa pang'ono. N'chifukwa chake m'maboma ambiri mumamva kuti mavenda anyanyala kudula matikiti chifukwa cha zinyalala zosawola, zimbudzi zodzadza ndi kusowa kwa madzi. Khonsolo imati tilibe ndalama chifukwa simukulipira, mavenda amati sitikulipira chifukwa simukugwira ntchito, ndipo mkanganowo ndi wakale kuposa Covid.

Kuyang'ana kunja kumathandiza kuona chimene chikusoweka. Ku England, mu 2020, masitolo ndi malo odyera anakhululukidwa msonkho wa malo kwa chaka chonse, mabizinesi ang'onoang'ono analandira mapaundi 10,000 osabweza, ndipo makhonsolo anapatsidwa mapaundi 50 miliyoni okonzera misewu ya malonda kuti anthu abwerere, kenako ena 56 miliyoni mu 2021. Ndalama zoterezi ife tilibe, ndipo kuziyerekeza n'kudzipweteka mutu. Vuto lawonso ndi lina: kumeneko masitolo amatsekedwa chifukwa anthu akugula pa intaneti, pomwe kwathu malo a mumsika amachita kulimbirana. Chimene ndikutolapo ine ndi njira yake. Ndalama zinadzera ku khonsolo ya pamalopo, chifukwa khonsoloyo inali ndi dzina ndi keyala ya sitolo iliyonse, ndipo m'masabata ochepa zinali zitafika. Kwathu wodula matikiti amamudziwa wavenda aliyense nkhope, amadziwa amene wajomba ndi amene wasamuka, koma m'buku mwake mumatsala timapepala ta manambala basi. Boma likanafuna kutumiza K35,000 kwa ochita geni a pa Ntaja, likanayambira pati? Likanaitana mafumu ndi matcheyamani a msika kuti alembe mayina, ndipo inu mukudziwa mmene mayina amalembedwera ndalama zikamveka.

Mwina mabalawa akanapola okha zikanakhala kuti mliri unapita n'kusiya bata. Koma chakudza sichiimba ng'oma. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Owotcherera zitsulo, ometa, a zigayo ndi ogulitsa zoziziritsa m'firiji anabwerera pa mphasa. Kumayambiriro kwa Malichi chaka chomwecho, pa chipatala cha boma cha Machinga, chimene chili pa Liwonde pomwepo, anatsimikiza kolera mwa wodwala wochokera ku Balaka. Kumeneko kunali kuyamba kwa mliri wa kolera woopsa kuposa yonse m'mbiri ya dziko lino, umene unapha anthu oposa 1,700, ndipo m'malo ambiri makhonsolo analetsa kugulitsa zakudya zophikaphika. Mu Meyi kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu Ogasiti ADMARC inatsekedwa kuti ikonzedwenso, antchito ake n'kuchotsedwa. Mu Malichi 2023 kunabwera namondwe wa Freddy, mu Novembala kwacha inagwanso ndi 44 peresenti, mu 2024 ng'amba. Pofika Febuluwale 2025 ogulitsa kaunjika anali akuguba ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe kudandaula mtengo wa belo. Ukamufunsa mlamu wanga kuti chinamugwetsa ndi Covid kapena kwacha, amangoseka. Iye amawerenga malaya.

Taonani kuti kolera uja anapezeka koyamba m'dera la matauni omwewa a pamphambano, kumene anthu ambirimbiri amadya ndi kumwa pa malo opanda mipopi ndi zimbudzi zokwanira. Pa nthawi ya Covid pa zipata za misika panaikidwa zidebe za madzi ndi sopo. Zidebezo zinasweka, zina zinalowa m'makomo. Ndalama yomweyo ikanakoka paipi n'kumanga chimbudzi cholimba bwenzi ikugwira ntchito mpaka lero.

Pa mapulani a patsogolo, Liwonde ili ndi mwayi. Masomphenya a Malawi 2063 atakhazikitsidwa mu Januwale 2021, mu 2022 kunatuluka pulani ya mizinda ing'onoing'ono isanu ndi itatu: Karonga, Nkhata Bay, Kasungu, Salima ndi Chipoka, Mangochi ndi Monkey Bay, Liwonde, Luchenza ndi Bangula. Ganizo lake ndi lomveka. Pa Liwonde pali njanji, msewu ndi mtsinje malo amodzi, pali kale fakitale yosakaniza feteleza, ndipo doko la pamtunda litamangidwa katundu wochokera ku Nacala akhoza kumatsitsidwa pomwepo. Koma doko limeneli talimva m'maboma angapo otsatizana. Ana amene anabadwa likulonjezedwa koyamba lero ndi makondakitala. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Balaka siili n'komwe mu mndandanda wa zisanu ndi zitatuzo, ngakhale kuti pa Nkaya ndi pamene njanji zimapatukana, pa Phombeya ndi pofikira magetsi ochokera ku Mozambique, ku Kangankunde kampani ya Lindian ikukonzekera kukumba miyala ya mtengo wapatali, ndipo m'boma lomweli kampani ya Portland Cement yaika fakitale yatsopano. Zimenezi zikhoza kubweretsa malipiro a pamwezi, amene ndiwo chakudya cha tauni. Zikhozanso kukhala ngati sitima za malasha zochokera ku Moatize, zimene zimadutsa ndi mabogi osawerengeka, anthu a m'mbali mwa njanji n'kutsala ndi phokoso.

Ukafunsa chimene boma linachita chothandizadi malonda a pa Liwonde m'zaka zapitazi, yankho silikhudzana ndi mliri ayi. Ndi msewu wa Liwonde–Mangochi umene unakonzedwa ndi ndalama za African Development Bank, ndi kukonzedwanso kwa baraji, zonsezi Covid isanabwere. Ndipo ukafunsa chimene chikupha Balaka mwakachetechete, oyendetsa galimoto adzakuuza za msewu wochokera pa Chingeni kudzera pa Balaka kukafika ku Liwonde ndi Zomba, umene wakhala zaka uli maenje ndi zigamba, m'mbali mwake mutadyeka, chikhalirecho pa Chingeni pomwepo pali zipata zolipiritsa kuyambira mu Novembala 2021. Tauni yodya za odutsa, msewu ndiwo munda wake.

Ndalama zoti zigwire ntchito zoterezi sikuti kulibiretu. Ndondomeko ya GESD, ya madola 100 miliyoni ochokera ku Banki ya Dziko Lonse, yakhala ikupereka ndalama kwa makhonsolo a maboma 28 molingana ndi mmene akhozera pa kayendetsedwe ka chuma, ndipo zamanga zipinda za sukulu, zipatala zazing'ono, milatho ndi mashedi ena a misika. Thumba la CDF linakwera kuchoka pa K40 miliyoni kufika pa K100 miliyoni, kenako K200 miliyoni, ndipo boma limene linalowa mu 2025 linalonjeza K5 biliyoni pachaka ku dera la phungu aliyense. Ngati lonjezoli likwaniritsidwa ngakhale theka, funso la matauni ang'onoang'ono lidzachoka ku Capital Hill n'kubwera m'chipinda cha msonkhano wa khonsolo. Kumeneko tauni idzafunika woilankhulira.

Ine ndikuona kuti dzina loti kudzutsa matauni pambuyo pa mliri kwathu kuno linalibe mwini. Kunali thandizo la mizinda inayi, kunali thandizo la kumudzi, kunali ngongole, kunali mapulani a 2063. Ndondomeko yoyang'ana msika wa Balaka kapena depoti ya Liwonde monga malo amene anavulala ndipo akufunika kuchira, kunalibe. Anthu anadzidzutsa okha, ndi banki m'khonde, ndi marandi atayambanso kuyenda, ndi kuchepetsa mulu wa tomato mtengo n'kukhala womwewo. Nawonso oimba a ku Balaka, tauni ya Alleluya Band ndi malemu Lucius Banda, amene mliri unawatsekera mabwalo ndi maholo, anabwerera pa nsanja popanda wowagwira dzanja.

Zofunika sizodula kwenikweni. Khonsolo ilembe wochita geni aliyense wa mumsika, dzina, nambala ya foni ndi malonda ake, lero kuli bata, kuti tsoka likadzagwanso pasadzakhale kulemba mayina usiku. Gawo lodziwika la ndalama za matikiti lizitsala pa msika pomwe latoleredwa, ndipo pa chipata pazimatidwa pepala mwezi ndi mwezi loonetsa zimene zalowa ndi zimene zagwira. Thandizo la ndalama la m'tauni likadzabweranso, lisadzathere pa malire a Zomba. Ndipo aphungu aunikenso ganizo la 2010, chifukwa tauni imene boma likuti idzakhala mzinda singamayendetsedwe ngati msika wa pamudzi.

Inu makhansala a ku Machinga ndi ku Balaka, bajeti ya chaka chamawa isanadutse, pitani mumsika 5 koloko m'mawa, nthawi imene mabelo amatsegulidwa. Muwerenge amene akudula mawaya ndi amene aima pambali kudikira zotsala.